Diresi ya Kolala Yachikasu

Amayi anga sankafuna kujambulidwa. Munthu akangodzutsa kamera kapena foni, iwo ankapeza chochita kuseri kwa nyumba: mbuzi yadula chingwe, nkhuku zili pa mapira, moto ukuzima. Ukawakakamiza ankangoti, “Ine nkhabe funa,” n’kudziphimba kumaso ndi chitenje mpaka wojambulayo atatopa. Sikuti tchalitchi chinkawaletsa. Ankati munthu pa chithunzi amaoneka ngati wagwidwa ataba nkhuku, ndipo iwo sanabe kanthu. Zithunzi zawo zimene tinali nazo zinali zochita kuwabera, china cha pa ubatizo wa mwana wa achimwene akuyang’ana kumbali, ndi kaja ka pa chitupa kamene sakanatha kukathawa. Zonsezo zinapita ndi madzi chaka chimene Ruo ndi Shire anagwirizana zotilanda mudzi kwathu kwa Mlolo.

Iwo madzi sanawatenge. Anakwezedwa m’bwato n’kukasiyidwa kumtunda, kumene anthu a kwathu anapatsidwa malo. Ine nthawi imeneyo ndinali tsidya lino, pa Bangula, pamene ndimasoka zovala pakhonde la sitolo ina, ndipo mtsinje unali utatseka njira. Pamene ndinkawoloka n’kukawapeza m’tenti, anali atayamba kale kutsokomola. Sanathe chaka. Tinawaika kumtunda konko, m’dothi la miyala limene sanalimemo ngakhale kamodzi.

Chithunzi chimene ndikufuna kusimba chinabwera masiku a madziwo, pa gulu lathu la pafoni la anthu ochokera kwa Mlolo. Aliyense ankangoponyapo chimene watola, osanena amene wajambula. Chinali chitadutsa m’mafoni ambirimbiri mpaka kuchita mbuu, ngati galasi la minibasi nthawi ya fumbi. Panali mzimayi ataima m’madzi ofika m’ntchafu, mtolo uli pamutu, nkhope ili mdima wokhawokha pansi pa duku. Koma diresi ndinaizindikira ndisanaphethire n’komwe. Yobiriwira, ya kolala yachikasu, thumba limodzi kumanzere. Ndinaisoka ndine. Kolalayo inali nsalu yotsala pa madiresi a operekeza mkwatibwi wina, ndipo thumba ndinaliika kumanzere chifukwa ndi kumene amayi ankasungako kabotolo kawo ka fodya wa mphuno, kamene abusa sankayenera kukadziwa. Telala akhoza kuiwala nkhope ya kasitomala, koma msoko wake sauiwala. Ndinalemba pagulupo kuti awa ndi mayi anga, ali moyo, ndipo anthu anayankha kuti Mulungu ndi wabwino.

Atamwalira ndinakachisindikiza pa kapepala kakang’ono n’kuchipachika pa msomali pamwamba pa bedi. Ndimakhala ndekha. Banja linatha kalekale, mwana wanga wamkazi anakwatiwa ku Blantyre ndipo amaimba foni akakumbukira, achimwene ali ku Joni. M’nyumba ya lendi ya chipinda chimodzi, munthu ukaweruka umafuna wina woti umuuze kuti kunja kwatentha, ngakhale akudziwa kale. Ndiye ndinkauza chithunzicho. M’mawa ndinkachipatsa moni, madzulo n’kumachidandaulira za makasitomala amene amabweretsa nsalu yosakwana n’kumafuna diresi yokwekwa pansi. Nthawi zina ndinkakangana nacho, monga tinkachitira ali moyo.

Tinkakangana pa zinthu ziwiri. Choyamba, amayi anali opatsa mopanda mutu. Ukawasokera bulauzi lero, mwezi wamawa ukaipeza pathupi la munthu wina kuchigayo. Ukafunsa ankati mnzawoyo anali ndi maliro, kapena ankapita kuchipatala, kapena bulauziyo inkamukhala bwino kuposa iwo. Pa diresi yobiriwirayo ndinawalumbiritsa. Ndinati iyi yokha mukapatsa munthu, singano yanga simudzaionanso. Anaseka, n’kulonjeza. Chachiwiri chinali kasokedwe kawo. Chovala chikang’ambika sankadikira mwana wawo telala. Ankasolola ulusi pa thumba la ufa n’kusoka misoko ikuluikulu yokhotakhota ngati njira ya nkhanu, pomaliza n’kumanga mfundo yaikulu yoti mpaka imakukanda. Ndikapita kumudzi ntchito yanga yoyamba inali kumasula zimenezo ndi lezala, uku ndikung’ung’udza kuti akundichititsa manyazi. Iwo ankakhala pambali akununkhiza fodya wawo, n’kumati bola chagwira.

Chimene sindinauze munthu n’chakuti nkhope yawo inayamba kundithawa. Mawu awo ndinkawamva bwinobwino, kayendedwe kawo kotsimphina pang’ono ndinkakaona, ngakhale fungo la utsi ndi nsomba la m’chitenje chawo linkandifikira. Koma ndikatsinzina kuti ndione maso, mphuno, pakamwa, pankabwera mdima womwe uja wa pansi pa duku. Ine ndinatengera bambo, achimwene nawonso chimodzimodzi, moti kudziyang’ana pagalasi sikunkandithandiza. Zinkandiopsa, ndipo zinkandipweteka kuposa tsiku la maliro lenilenilo.

Zosaka zinthu ndi chithunzi ndinaziphunzira pantchito. Kasitomala wina, mphunzitsi wa kusekondale, anabwera ndi chithunzi cha diresi imene anaiona pa ukwati, chojambulidwa patali, kutsogolo kokha. Nditamuuza kuti sindine mfiti kuti ndidziwe kumbuyo kwake, anatenga foni yanga n’kundionetsa kachizindikiro ka kamera pamalo paja timalembapo tikamafufuza zinthu pa intaneti. M’malo molemba mawu umaikapo chithunzi, ndipo foni imakubweretsera zithunzi zofanana nacho ndi malo amene zili. Diresi ija inabwera kutsogolo, kumbuyo, cham’mbali, mpaka podutsa zipi. Kuyambira pamenepo ndinkangochita zomwezo, anzanga apakhonde n’kumadabwa kuti masitayelo ndikuwatenga kuti. Koma zoti ndiikepo chithunzi cha amayi sizinandifikire. M’mutu mwanga chinali chida cha madiresi basi, ngati sizasi.

Kenako achimwene anaimba kuti nthawi yakwana yoti timange chiliza. Anthu a ku Joni akafuna chinthu amafuna chioneke. Anati pa tsiku lovundukula chilizacho abale onse avale matisheti okhala ndi nkhope ya amayi, monga achitira anthu masiku ano, ndipo chithunzi china chimatidwe pamwala penipenipo. Ndinavomera msanga, ndinati chithunzi chilipo. Iwo anali atachiona kale pagulu paja, ndipo anangoti ndiwauze odziwa achikonze kuti chiwale.

Pa Bangula pali mkulu wina amene ali ndi kompyuta, amasindikiza makadi a ukwati, mapulogalamu a maliro ndi matisheti. Atachikulitsa pa kompyutapo, amayi anasanduka timabokosi tobiriwira ndi takuda. Anati chithunzichi n’chaching’ono kwambiri, pa tisheti chingooneka ngati munthu wadzitayira tiyi, chofunika n’kupeza chenicheni chimene chinachoka m’kamera ya wojambulayo. Ndinamufunsa ngati akuganiza kuti wojambulayo ndimadyera naye mbale imodzi. Ndili ndi mtima wapachala, sindibisa. Ndinatola foni yanga n’kutuluka osatsanzika.

Masana a tsiku lomwelo, dzuwa lija la pa Bangula limene ngakhale a kabaza amathawira pansi pa mitengo, ndinakhala pa makina ndilibe chosoka. M’pamene zinandifikira kuti m’chithunzimo muli diresi, ndipo foni yanga imadziwa kusaka madiresi. Ndinaikapo chithunzicho n’kudikira, pakuti netiweki ya kuno sifulumirira munthu. Kenako amayi anadzaza foni yonse. Amayi pamwamba, amayi pansi, amayi m’nyuzipepala za kunja, amayi pa masamba opempha thandizo, pansi pake mawu a Chingerezi, a Chipwitikizi ndi zilembo zina zonga mapazi a nkhuku. Pena analemba kuti ndi ku Mozambique. Pena anatchula dziko limene sindinalimvepo, ndi chaka china. Palibe amene analemba dzina.

Ndinaseka ndekha mpaka mnzanga wogulitsa nsomba zouma za makakana pafupi nane anacheuka. Munthu wothawa kamera moyo wake wonse, amene sanapondeko ngakhale ku Lilongwe, anali atazungulira dziko lonse lapansi atavala diresi yanga. Kenako kusekako kunasanduka mkwiyo, poganiza kuti anthu osawadziwa akhala akuwayang’ana bwinobwino m’maofesi ozizira, pamene ine mwana wawo ndinkapatsa moni kapepala kosaoneka. Koma pansi pa mkwiyowo panali chimwemwe chimene ndinali nditachiiwala. Ndinadziwa kuti penapake pa zithunzi zonsezo pali chachikulu, ndipo ndiwaonanso. Foni yanga ndi yosweka galasi, ndipo bandulo inathera panjira ndisanatsegule ngakhale chimodzi bwinobwino.

M’mawa mwake ndinavala bwino ngati ndikukalandira mlendo kudepoti. Mkulu wa kompyuta uja sanandisungire chakukhosi. Anati njirayo amaidziwa, ndipo pa kompyuta imaonetsanso kukula kwa chithunzi chilichonse. Anasankha chachikulu pa zonse, pa tsamba lina la ojambula zithunzi, n’kundipatsa mpando wake. Chinayamba kutseguka pang’onopang’ono kuchokera pamwamba. Mitambo. Nsonga za migwalangwa. Mtolo uja, umene tsopano ndinaona kuti unali mphasa ndi poto. Duku. Ndinavula magalasi anga, kuwapukuta ndi chitenje, n’kuwavalanso.

Sanali amayi anga.

Nkhopeyo inkaoneka bwino mpaka madontho a mvula pamasaya, ndipo ndinaidziwa. Anali mayi ena a kumapeto kwa mudzi wathu, amene anabwera kuchokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo n’kukhaliratu, amasiye, opanda mwana wotsala. Ndi amene ankapita ndi amayi kudambo chaka cha njala kukazula nyika, mizu ija ya m’madzi imene timadya zinthu zikavuta. Anali atavala diresi yobiriwira ya kolala yachikasu, thumba kumanzere.

“Ndi amenewa?” anafunsa mkulu uja.

“Mwatsegula china,” ndinatero.

Sanatsutse. Anangoika ziwirizo pamodzi, changa chosaoneka ndi chake chowala. Mtolo womwewo, migwalangwa yomweyo. Ndinachita manyazi ngati ndavulidwa pamsika. Nthawi yonseyi ndinkadzuka n’kupatsa moni munthu wa eni ake, kumuuza za kukhosi kwanga, kumulirira. Ndipo pamwamba pa manyaziwo panabwera ukali umene ndimaudziwa bwino. Amayi anapatsa munthu. Diresi imene anandilonjeza anaipereka, ndipo pochita zimenezo anandilanda nkhope yawo yomaliza. Ndinkafuna kukalipa, koma woti ndimukalipire anali pansi pa miyala kumtunda.

Mkulu uja, kaya pofuna kundichotsa manyazi kaya pofuna kuti ndimuchokere pampando, anati chachikuluchi n’chotambalala kuposa changa, anthu anachidula m’mbali potumizirana. Kumanja kwenikweni, pamene chithunzi chikuthera, panali mkono wa munthu wina kuyambira pachigongono. Dzanja lake linali litagwira mayi aja pamkono mwamphamvu, khungu mpaka kukwinyika. Ndinamuuza kuti akulitse pamenepo. Kachala kakang’ono kanali kopindika, kosagwira nawo. Kanapindika ine ndili mwana, munga wa mlamba utawabaya akutola nsomba m’mono, ndipo sikanawongokenso. Pamwamba pake panali mphini zakalekale ndi kachibangiri kakuda ka mphira.

“Awa ndiwo,” ndinatero, ndikuloza m’mphepete.

Sanaseke, ndipo ndimamuthokozabe pa chimenecho. Anasiya makadi a ukwati a anthu n’kuyamba kusaka nane. Tinafuna chotambalala kuposa chimenecho, koma panalibe. Kamera inathera pachigongono pomwepo. Tinatsegula zithunzi zina za wojambula yemweyo za tsiku limenelo, ana ali padenga, mbuzi zili m’bwato, amuna atanyamula njinga pamutu. Ndinazindikira anthu angapo a kwathu, koma amayi munalibe. Pomaliza ndinamupempha kuti adule dzanja lokhalo n’kulisaka. Panabwera manja ovala mphete, manja a azungu atagwirana pagombe, manja otsatsa mafuta odzola, zala zopindika za m’mabuku a madokotala. Kompyuta inkangoona dzanja basi. Ndinamuuza azimitse, ndinathokoza, ndipo ulendo uno ndinatsanzika.

Achimwene nditawauza anati, “Ndiye vuto lili pati? Adinde chaching’ono chomwecho. Pagulu paja aliyense amadziwa kuti ndi amayi. Akazindikire ndani?”

“Ine ndazindikira kale, achimwene.”

“Nanga tivale dzanja? Anthu atiseke?”

Ndinadula foni. Tinakhala nthawi osalankhulana, ndipo ndinkawatchula mayina amene sindingalembe pano. Koma mtima utatsika ndinawamvetsa. Iwo sanathe kufika pamaliro, mapepala awo a ku Joni anali asanalongosoke. Nawonso ankafuna nkhope, ndipo akanalola ngakhale ya mdima, bola wina awauze kuti ndi imeneyo. Ine ndinali nditaona kale zoona zake pa kompyuta, ndipo sindikanatha kuika mayi amoyo pamwala wa manda a mayi anga.

Kapepala kaja ndinakachotsa pakhoma, msomali n’kutsala wokha. Masiku amenewo ndiwo anali ovuta kuposa onse. Ndinkafika, kutsegula chitseko, n’kutsala pang’ono kunena kuti lero kwatentha, kenako n’kuona msomali. Ndinkaphika, kudya choimirira, kutsuka mbale yanga imodzi. Ndinazindikira kuti ngakhale bodza lija linkandisunga, ndipo ndinalisowa. Foni ndinasiya kusakira madiresi. Kasitomala akabwera ndi chithunzi ndinkamuuza kuti andifotokozere ndi pakamwa.

Loweruka lina ndinatseka makina, ndinawoloka pa bwato n’kukwera kabaza kupita kumtunda. Kunena zoona ndinapita ndi ukali, ngakhale sindinkadziwa kuti ndikawanena chiyani mayi okalamba amene sanandilakwire. Ndinawapeza atakhala pamthunzi wa kanyumba kawo ka zidina akupeta mapira. Anali atachepa thupi. Anandizindikira msanga, anandiyalira thumba, n’kuyamba kundifunsa za mwana wanga ndi za achimwene. Moni utatha ndinatulutsa foni, mmene mkulu uja anandiikiramo chithunzi chachikulu chija, n’kuwapatsa.

Anachiyang’ana nthawi yaitali, atachitalikitsa kenako n’kuchiyandikitsa. Anaseka pang’ono atadziphimba pakamwa, anati sankadziwa kuti anakalamba chonchi, pakuti nawonso anali asanadzionepo pa chithunzi chooneka bwino. Nditawauza kuti nkhope yawo ili m’mayiko ambiri anangogwedeza mutu, zimenezo sizinawakhudze. Kenako chala chawo chinatsetsereka kupita m’mphepete, n’kuima pa dzanja lija. Sindinawauze ine.

Anandisimbira mosafulumira, Chisena ndi Chimang’anja zikusakanikirana monga ankalankhulira ndi amayi. Anati nyumba yawo inagwa madzi atangolowa m’mudzi, ndipo kansalu kamene anatuluka nako kanakodwa paminga n’kung’ambika. Anafika pachulu pamene anthu anathawira ali pafupifupi maliseche, amuna ali pomwepo, ana ali pomwepo. Amayi anamasula mtolo wawo n’kutulutsa diresi. Mnzawoyo anakana, chifukwa nkhani ya lonjezo lija ankaidziwa. Amayi anali atawauza kalekale kudambo, akuseka. Ndinafunsa kuti nanga amayi anati chiyani.

“Anati, vala. Mwanayo akalipa, atopa, asoka ina.”

Ndinayang’ana kumbali. Mawuwo ndinawamva ngati atuluka pakamwa pa eni ake, mpaka kaphokoso kaja ka m’mphuno. Ukali umene ndinawoloka nawo mtsinje unandithera pomwepo, ndipo ndinatsala ndi chisoni chokha.

Anapitiriza kuti bwato silinathe kufika pachulupo, anayenera kuliyendera m’madzi. Iwo madzi amawaopa kuyambira tsiku limene anawoloka pothawa nkhondo, ndipo miyendo inakana. Amayi anawagwira pamkono n’kumawakoka. M’bwatomo munali munthu wa kamera, ndipo amayi atangomuona akudzutsa chinthu chakecho anapendekera kumbali monga mwa chizolowezi chawo.

“Anathawitsa mutu basi, mwananga. Dzanja nkhabe kundisiya.”

Ndinawapempha kuti andifotokozere nkhope ya amayi, ndipo ndinawauza chifukwa chake, chinthu chimene ndinali ndisanauze munthu. Anayesetsa. Anati maso anali aang’ono, akaseka ankatsekeka. Anati mphuno inali ngati ya mchimwene wina wa amayi amene ine sindinamuonepo. Anati anali ndi nkhope yabwino, ya munthu. Ndinkamvetsera ndi mtima wonse, ndikuyesa kulumikiza zidutswazo monga ndimachitira ndi nsalu, koma sizinagwirane. Iwo anaona, ndipo analeka.

Analowa m’nyumba n’kutuluka ndi diresi ija, itapindidwa bwino. Inali itasuluka, kolala itayera, mpendero utang’ambika, zipi itafa. Anati nditenge, ndi yanga. Ndinakana, ndinati munthu akakupatsa wakupatsa, koma ndiitenga ndikaikonze chifukwa sindingalole msoko wanga uziyenda m’mudzi uli chonchi. Anati takhuta, kuthokoza kwa Chisena, n’kundipatsa mapira m’kapepala kuti ndisabwerere chimanjamanja.

Lolemba ndinaiyala pa makina. Ndinaika zipi ina, ndinapinda mpendero, ndinalimbitsa thumba. Nditaitembenuza kuti ndione m’khwapa ndinapeza msoko umene sunali wanga. Ulusi woyera wa thumba la ufa, misoko ikuluikulu yokhotakhota, kumapeto mfundo ija yokanda. Kaya amayi anasoka liti, kaya madzi asanabwere kaya ali m’tenti, sindikudziwa. Dzanja langa linali litatola kale lezala palokha, chifukwa ndi zimene linazolowera. Ndinalibweza pansi. Ndinakhala ndikusisita mfundoyo ndi chala, mnzanga wa makakana n’kumandifunsa ngati ndadwala. Ndinati ndi thukuta lalowa m’maso. Msokowo ndinausiya mmene unalili, ndipo diresiyo ndinaitumiza ndi mayi wina wa kwathu amene amabwera kudzagulitsa mbatata.

Pa msomali paja pali chithunzi china tsopano. Mkulu wa kompyuta anandidulira m’mphepete mokhamo, dzanja la kachala kopindika litagwira mkono wa mnzake. Sindilipatsa moni, koma ndikalowa ndimaliyang’ana. Nkhope sinabwerere. Nthawi zina ndimaikabe chithunzi chija pafoni n’kusaka, mwina wina waponya china cha tsiku lomwelo, koma zimabwera zomwezo, mayi aja ali m’madzi m’zilankhulo zonse.

Chiliza tinavundukula nyengo yozizira itayamba. Achimwene anabwera, tinapatsana moni ngati sitinakanganepo. Matisheti anali ndi dzina ndi zaka basi, mwala nawonso chimodzimodzi, ndipo palibe amene anatiseka. Anthu akusonkhana, ine ndinapatuka n’kukaima m’mphepete mwa manda, pamene pamaonekera njira yochokera ku nyumba zatsopano zija. Patali ndinaona munthu akubwera yekha, dengu lili pamutu, diresi yobiriwira, kolala ikuwala padzuwa. Ndinkadziwa bwinobwino kuti ndi ndani. Komabe ndinavula magalasi n’kuwagwira m’manja.

Nkhope inasanduka mdima pansi pa duku. Ankayenda pang’onopang’ono, monga ayendera okalamba pa miyala, ndipo ine sindinasunthe, sindinaitane. Kumbuyo kwanga azimayi anali atayamba nyimbo, achimwene akufunsa kuti ndapita kuti. Ndinangoima, ndikupempha mumtima kuti njirayo italike. Kwa kanthawi kameneko ndinali ndi mayi akubwera panjira.

Atafika pafupi ndinavalanso magalasi, n’kupita kukawalandira dengu.